Ngwazi za m'kabotolo: mapuloteni a mabakiteriya oposa onse, ndi amene akusowabe ku Rumphi

Munthu wa ku Rumphi akafuna kudzitama sasowa poyambira. Ayamba ndi Nyika, malo osungirako nyama aakulu kuposa onse m'Malawi muno, a masikweya kilomita oposa 3,000. Kenako atchula Livingstonia, khofi wa ku Phoka, fodya wa m'chigwa cha Henga ndi malasha a ku Mchenga. Pali zinanso ziwiri zimene bomali limaposa nazo maboma anzake koma sizimveka kawirikawiri: madzi otentha otumphuka pansi, ndi matenda ena oopsa. Zonsezi zikukhudzana ndi katundu amene ambirife sitinamuonepo, timabotolo tapulasitiki tosakwana chala cha kankombaphala, timene timabwera pa ndege titazunguliridwa ndi ayezi kupita ku malabotale a ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Chilumba.

Mukakweza kabotolo koteroko m'mwamba muona kadontho kamodzi koyera pansi pake. Pambali amalembapo dzina la puloteni, tsiku lothera mphamvu, chenjezo loti kasungidwe m'filiji yozizira mpaka madigiri 20 pansi pa ziro, ndi mawu ena oti izi n'zofufuzira basi, si mankhwala opatsa munthu. Puloteni ili m'kadonthomo siinafinyidwe kuchokera kwa mwini wake weniweni ayi. Asayansi anadula kachidutswa ka DNA kamene kali ndi malangizo opangira puloteniyo, n'kukalowetsa mwa bakiteriya wina wosavuta kuweta, ndipo iyeyo ndiye anagwira ntchito yonse. Alimi a fodya a ku Bolero ndi Hewe aimva msanga nkhaniyi, chifukwa ndi utenanti weniweni: mbewu ndi ya wina, zokolola ndi za wina, iye chake ndi thukuta ndi kaphoso.

Wantchito wachangu kuposa onse

Bakiteriya wogwira ntchitoyo ndi Escherichia coli, amene amakhala m'matumbo mwa aliyense wa ife. Dokotala wa ana wa ku Germany, Theodor Escherich, ndiye anamufotokoza mu 1885. Mtundu wake umene unatchuka m'malabotale, wotchedwa K-12, unatengedwa mu 1922 ku California m'chimbudzi cha munthu amene ankachira matenda a diphtheria. Mukamupatsa msuzi wabwino ndi kutentha kwa madigiri 37, amagawikana pawiri mphindi 20 zilizonse. Werengani nokha: bakiteriya mmodzi pa 7 koloko m'mawa, ikamakwana 5 koloko madzulo akhala ataposa biliyoni imodzi, ngati chakudya sichinathe. Msuzi umene unali mbee dzulo umapezeka wachita thovu ndi matope m'mawa, uku ukununkha kafungo kamene aliyense wogwira ntchito m'labotale amakadziwa.

Mu 1986, William Studier ndi Barbara Moffatt a ku Brookhaven ku America anakonza njira yokakamizira E. coli kuti asiye zake n'kumapanga puloteni imodzi yokha imene wapatsidwa. Zikayenda bwino, theka la mapuloteni onse a m'thupi mwake limakhala la mlendoyo. Ndiye amamuphwanya, n'kusefa. Mtundu umene iwo anakonza, BL21(DE3), ulipo mpaka lero m'mafiliji a malabotale a m'makontinenti onse.

Oyamba

Pa za kuyamba palibe mkangano waukulu. Mu 1970 Hamilton Smith anapeza mwa bakiteriya wotchedwa Haemophilus influenzae puloteni yodula DNA pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ndipo mu 1978 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Werner Arber ndi Daniel Nathans. Mu 1973 Stanley Cohen ndi Herbert Boyer anadula DNA, kuilumikiza ndi ina, n'kuilowetsa mwa E. coli, ndipo inagwira. Puloteni yoyamba ya munthu kupangidwa ndi bakiteriya inali somatostatin, mu 1977, kakang'ono zedi. Chaka chotsatira inabwera insulin, imene mu 1982 inakhala mankhwala oyamba opangidwa mwanjira imeneyi kuloledwa kugulitsidwa. Zisanatero, insulin ya odwala shuga inkachokera m'kapamba wa nkhumba ndi ng'ombe zophedwa.

Yopirira moto, ndiponso yolemeretsa

Apa mpofunika kukhazikika pang'ono. Mukamatsika mapiri a Chiweta pa msewu wa M1 kulowera kunyanja, pansi pake pali akasupe amene madzi ake amafika pafupifupi madigiri 80. Ali m'gulu la akasupe otentha kwambiri m'dziko muno, ndipo akatswiri a za miyala akhala akuwayeza poganizira zopangira magetsi. Dzanja simungaliviikemo. Kwa zaka zambiri asayansi ankakhulupirira kuti m'madzi otere simungakhale chamoyo chilichonse.

Mu 1966, Thomas Brock ndi wophunzira wake Hudson Freeze anatunga madzi pa kasupe wina wotchedwa Mushroom Spring, m'nkhalango ya Yellowstone ku America. Anapezamo bakiteriya amene amasangalala pa madigiri 70, ndipo mu 1969 anamutcha Thermus aquaticus. Panalibe amene anaganiza za ndalama. Mu 1976 Alice Chien ndi John Trela a ku Cincinnati anapatula puloteni imene bakiteriyayu amakopera nayo DNA yake, imene lero timaitcha Taq. Nayonso inangokhala m'mabuku.

Mwayi wake unabwera ndi Kary Mullis, amene mu 1983 anatulukira njira yochulukitsira kachidutswa ka DNA, ija ya PCR imene tonse tinaimva nthawi ya Covid-19. Njirayi imafuna kutenthetsa DNA mpaka madigiri 95 kuti zingwe zake ziwiri zilekane, kuiziziritsa pang'ono, kenako kukopera, n'kubwereza kokwana 30 kapena kuposa. Vuto linali lakuti puloteni yokopera imene ankagwiritsa ntchito, yochokera kwa E. coli, inkapsa pa ulendo uliwonse, moti munthu ankayenera kukhala pompo n'kumathira ina. Taq siipsa msanga. Pa madigiri 95 imatha mphindi pafupifupi 40 theka lake lisanafooke, ndipo pa madigiri 72 mpamene imathamanga bwino. Mumaithira kamodzi, kutseka makina, n'kupita kukamwa tiyi. Maulendo 30 amasandutsa kachidutswa kamodzi kukhala tizidutswa pafupifupi biliyoni.

Mu 1989 magazini ya Science inaitcha molekyu ya chaka, yoyamba kupatsidwa ulemu umenewo. Chaka chomwecho malangizo ake anali atasamutsidwira kale mwa E. coli, kotero panalibenso chifukwa chowetera bakiteriya wa m'madzi owira. Mu 1991 kampani ya Hoffmann-La Roche inagula umwini wa njira ya PCR kwa kampani ya Cetus pa mtengo wa madola 300 miliyoni. Mullis analandira Nobel mu 1993. Lero mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV akabayidwa pachidendene n'kudonthezera magazi pa kapepala, kapena munthu akapereka makhololo kuti ayezedwe pa makina a GeneXpert, ntchito yaikulu m'makinamo imagwiridwa ndi Taq kapena abale ake.

Nanga Yellowstone inapezapo chiyani pa madola onsewo? Palibe. Madziwo anatengedwa ulele, monga mwa mwambo wa nthawi imeneyo. Oyang'anira nkhalangoyo anachangamuka mochedwa, ndipo mu 1997 ndi pamene anasainirana ndi kampani ya Diversa kuti phindu la tizilombo ta m'akasupe awo lizigawidwa. Ku Kenya kunachitika zofanana: tizilombo ta m'nyanja zamchere za m'chigwa cha Rift, monga Bogoria, tinapereka mapuloteni amene anathera m'mafakitale ofewetsa nsalu za jinzi ndi opanga sopo, ndipo mu 2004 nthambi yoona za nyama zakutchire m'dzikomo inayamba kufunsa gawo lake. Pangano la Nagoya la mu 2010, limene Malawi anavomereza, linabwera kudzatseka mpata umenewu. Chiweta ili m'chigwa chomwecho cha Rift. Ine ndikuona kuti ophunzira a ku Mzuzu University ndi a ku University of Livingstonia, amene ali pafupi kwambiri, ndiwo ayenera kukhala oyamba kutunga madzi amenewa n'kuona chimene chikukhalamo, ndipo mlendo aliyense wobwera ndi mabotolo ake azionetsa kaye chikalata kwa mafumu ndi boma.

Yogwira zolimba, ndi yakupha

Ziwiri izi tingodutsapo. Streptavidin, yochokera kwa bakiteriya wa m'dothi wotchedwa Streptomyces avidinii, ikagwira vitamini wotchedwa biotin siimutaya. Mwa zinthu za m'chilengedwe zimene zimangogwirana popanda kusanduka chinthu chimodzi, kugwirana kumeneku kuli m'gulu la kolimba kuposa konse. Sopo, kutentha, asidi wochepa, zonsezi sizikumasula. N'chifukwa chake opanga zipangizo zoyezera magazi amaikonda: amamangirira biotin ku chinthu chimene akufuna kuchikola, streptavidin n'kumudikirira.

Poizoni woposa onse odziwika ndi puloteninso ya bakiteriya, ya Clostridium botulinum, imene imapezeka m'zakudya za m'zitini zosaphikidwa bwino. Madokotala anawerengera kuti galamu imodzi, itamwazidwa mofanana, ingaphe anthu oposa miliyoni. Ofufuza ambiri saigwira yathunthu, amauza E. coli kuti apange chidutswa chimodzi chokha chimene pachokha sichingaphe, n'kumaphunzirira pamenepo. Ndi mmenenso amachitira ndi poizoni wa kolera. Mbali yake yomata m'matumbo, yotchedwa B, imapangidwa payokha popanda mbali yotsegula m'mimba. Kolera ameneyu tikumudziwa bwino: mliri wa 2022 mpaka 2023, woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino, unagwira anthu pafupifupi 59,000 n'kupha oposa 1,700, ndipo midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Rumphi siinapulumuke.

Yotchuka msanga, yodula zedi

Cas9 ndi puloteni ya Streptococcus pyogenes, bakiteriya woyambitsa zilonda zapakhosi. Iye amaigwiritsa ntchito podula DNA ya mavairasi omuukira. Mu 2012 Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anaonetsa kuti munthu akhoza kuilozera malo alionse a DNA amene akufuna, iyo n'kukadula pomwepo. Patangotha zaka 8 anapatsidwa Nobel, ndipo aka kanali koyamba kuti amayi awiri okha agawane mphoto ya Nobel ya sayansi. Kumapeto kwa 2023, Britain ndi America analoleza Casgevy, mankhwala oyamba opangidwa ndi njirayi, ochiza matenda a sickle cell. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi. Ana ambiri obadwa ndi matendawa ali kuno ku Africa, kuphatikizapo m'maboma athu a m'mbali mwa nyanja, kumene banja limavutika kupeza ngakhale ya basi yopitira kukalandira magazi. Mankhwalawo ndi enieni ndipo amachiza, koma kwa ife pakadali pano ndi nkhani ya pa wailesi.

Imene yafika m'munda mwa Mmalawi ndi ina: mapuloteni a Cry a bakiteriya wotchedwa Bacillus thuringiensis, amene amaboola matumbo a mbozi. Ndiwo ali mu thonje la Bt, limene linayesedwa ku Bunda kuyambira 2013 n'kuloledwa kwa alimi mu 2019. 

Kafukufuku wamkulu wa kwa aneba

Pafupifupi aliyense wa ife ali ndi kachipsera ka BCG pamkono. Katemera ameneyu anayamba kuperekedwa mu 1921, ndipo mpaka lero ndi yekhayo wololedwa wa chifuwa chachikulu. Ku Karonga, boma loyandikana ndi Rumphi, kunachitika kafukufuku wa katemerayu wamkulu kuposa onse mu Africa: pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 anatengapo mbali, ntchito yonse ikuyendetsedwa kuchokera ku Chilumba. Zotsatira zinali zosayembekezeka. Kubaya BCG kachiwiri kunateteza anthu ku khate, koma ku chifuwa chachikulu ayi.

Kachipsera kaja kamabweretsanso vuto lina. Njira yakale yoyezera pakhungu imasokonezeka, chifukwa siisiyanitsa bwino munthu wobayidwa BCG ndi amene ali ndi kachilombo kenikeni. Yankho linapezeka m'mapuloteni awiri aang'ono, ESAT-6 ndi CFP-10, amene ali mwa kachilombo ka TB koma mwa BCG mulibe. Amapangidwa m'labotale, kusakanizidwa ndi magazi a munthu, ndipo magaziwo akawazindikira ndiye kuti anakumanapo ndi TB yeniyeni. Tsono pali M72, puloteni yosokedwa kuchokera ku mapuloteni awiri a kachilombo komweko. Itayesedwa ku Kenya, South Africa ndi Zambia inateteza pafupifupi theka la akuluakulu amene akanadwala. Kuyesa komaliza kunayamba mu Marichi 2024, ndi anthu pafupifupi 20,000 m'maiko angapo kuphatikizapo Malawi, pa ndalama zokwana madola 550 miliyoni zochokera ku Gates Foundation ndi Wellcome. Ikapambana, ikhala katemera watsopano woyamba wa TB patatha zaka zoposa 100.

Mbiri imene palibe angaisirire

Tibwere ku Vwaza. Dambo limeneli, la masikweya kilomita pafupifupi 1,000, lili ndi njovu, njati, mvuu za pa nyanja ya Kazuni, komanso kashembe wambiri. Kashembe akaluma nyama yakutchire kenako munthu, amasiya kachilombo ka Trypanosoma brucei rhodesiense, koyambitsa kaodzera wa mtundu wachangu. Kanafotokozedwa koyamba mu 1910, m'magazi a munthu amene analumidwa m'chigwa cha Luangwa, kuseri kwa malire komweku. Kaodzera wa ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa amatenga zaka. Wathuyu amafika ku ubongo m'masabata ochepa, ndipo popanda mankhwala amapha m'miyezi.

Mu 2019, mwa odwala 116 a mtundu umenewu amene analembedwa padziko lonse, 91 anali a ku Malawi. Mu 2020 anali 89 mwa 98. Ambiri anachokera m'midzi yozungulira Vwaza, ena ku Nkhotakota. Ndiye kuti m'zaka zimenezo chipatala cha boma cha Rumphi chinali m'gulu la zipatala zodziwa matendawa kuposa china chilichonse padziko lapansi, ngakhale palibe amene anapempha ulemu wotero.

Kwa zaka zoposa 70, wodwala amene kachilombo kafika ku ubongo ankabayidwa melarsoprol, mankhwala a mu 1949 okhala ndi arsenic, owotcha mitsempha, amene pawokha amapha munthu mmodzi mwa 20 alionse. Kuti adziwe ngati kafika ku ubongo ankayamba amuboola pamsana kutenga madzi. Kuyambira 2019, bungwe la DNDi ndi anzake anayesa mapiritsi a fexinidazole pa chipatala cha Rumphi ndi cha Lwala ku Uganda, ndipo ku Rumphi ankatsogolera ndi dokotala Westain Nyirenda. Odwala anali 45 okha, ambiri a ku Rumphi komweko, ndipo mwa amene matenda anali atafika ku ubongo, 97 pa 100 alionse anachira. Mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya linavomereza. Mapiritsi akumwa masiku 10, ndi chakudya. Anthu a kwa Katumbi ndi kwa Chikulamayembe amene analola kuyesedwa anathandiza Africa yonse ya kummawa ndi kummwera, ndipo zimenezi ziyenera kunenedwa mokweza.

Koma mankhwala amathandiza munthu amene matenda ake adziwika. Kaodzera amayamba ndi kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'thupi, ndendende malungo. Pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, kachipangizo koyezera malungo kamapereka yankho m'mphindi 15. Kakaonetsa mizere iwiri, munthu amapatsidwa LA n'kubwerera kwawo, pamene mwina ali ndi matenda onse awiri. Kuti kaodzera aoneke pamafunika maikulosikopu, magetsi kapena dzuwa labwino, ndi munthu wa diso lozolowera kuona kachilombo kakuvinavina pakati pa maselo a magazi.

Apa mpamene timabotolo tija tikulowa. Kachilombo ka rhodesiense kamafanana kwambiri ndi kena kamene kamadwalitsa nyama zokha, moti pa maikulosikopu simungazisiyanitse. Kusiyana kwake ndi puloteni imodzi, SRA, imene asayansi a ku Brussels anasonyeza mu 1998 kuti ndiyo imakateteza ku magazi a munthu. Ofufuza akafuna kudziwa ngati kashembe wogwidwa ku Kazuni kapena ng'ombe ya ku Mwazisi ili ndi kachilombo kopha anthu, amafunafuna DNA ya SRA pogwiritsa ntchito Taq. Pali ina yosavuta kuposa Taq, yotchedwa Bst, yochokera kwa Geobacillus stearothermophilus. Iyi siifuna makina okweza ndi kutsitsa kutentha. Imagwira ntchito pa madigiri 60 mpaka 65 osasintha, yankho n'kutuluka ola lisanathe. Njirayi, ya LAMP, inachokera ku Japan mu 2000, ndipo mu 2015 ofufuza a ku Hokkaido University ndi University of Zambia anaonetsa kuti zonse zofunika zikhoza kuumitsidwa m'kabotolo momwemo, osafunanso filiji. Kwa ine, pa mapuloteni onse amene ndatchula, Bst ndiyo yoyenera malo ngati Katowo, kumene magetsi ndi msewu wa nthawi ya dzinja sizodalirika. Ku Institut Pasteur ku Paris, mu 2022, anayesanso mbale wa Cas9 wotchedwa Cas13 kuti azisaka SRA yomweyo.

Chimene chikusowa n'chosavuta kuchitchula. Kaodzera wa ku Congo ali nako kachipangizo kake koyezera pompopompo, kofanana ndi ka malungo, ndipo mtundu wina wa kachipangizoko uli ndi puloteni ya kachilombo yopangidwa ndi E. coli yemwe uja. Wa rhodesiense alibe. Chifukwa china n'chakuti matendawa amathamanga kwambiri, thupi lisanapange zizindikiro zokwanira zoti kachipangizo kazigwire. Chifukwa china n'cha msika: odwala 100 pa chaka, osauka, sangakope kampani imene imawerengera phindu m'mamiliyoni.

Mpaka kachipangizoko katapezeka, chitetezo chili m'manja mwa anthu ndi azaumoyo a m'midzi. Ngati mumakhala kapena mwayendako kufupi ndi Vwaza, Nkhotakota, Kasungu kapena Luangwa, ndipo thupi likutenthabe mutamaliza mankhwala a malungo, bwererani kuchipatala sabata yomweyo. Auzeni kuti munali kumalo a kashembe, aonetseni ngati pali chotupa pamene munalumidwa, ndipo pemphani kuti magazi anu aonedwe pa maikulosikopu. Mankhwala a kaodzera ndi aulere.